Tiyi wa Wani Koloko

Nambala yoyamba inali 7. Yachiwiri inali 2, kenako 3, kenako 4. Adokotala anazilemba papepala, ina pansi pa inzake, n'kutembenuza pepalalo kuti tonse atatu tizione: ine, achimwene anga ndi akazi awo.

"Uku ndi kuchuluka kwa mankhwala m'magazi anu, bambo," anatero adokotala. "Amafunika azikhala pakati pa 5 ndi 8. Akachepa, thupi lanu lizindikira kuti impso ili m'katimo ndi yachilendo, ndipo liyamba kulimbana nayo. Pamene tinkapeza 7 munkamwa makapisozi awiri m'mawa, awiri madzulo. Pano mukumwa anayi anayi, koma tikupeza 4. Ndiye ndifunsenso. Mukumwadi?"

Achimwene asanatsegule pakamwa, alamu anali atatulutsa kale kope m'chikwama.

"Seveni koloko m'mawa, seveni koloko madzulo. Ndimawapatsa ndine, ndi dzanja langali, ndipo ndimaima pomwepo mpaka ameze. Werengani nokha."

"Sindikukukayikirani, mayi."

"Mukundikayikira. Palibe vuto, werengani."

Adokotala anatsegula masamba angapo mwaulemu. M'kopemo munali chilichonse: nthawi ya mankhwala, kulemera kwa thupi, makapu a madzi, ngakhale maulendo a kuchimbudzi.

"Nanga mankhwala ena? A mutu, a chimfine, azitsamba?"

"Ayi," anatero achimwene, maso ali pa wotchi yawo.

"Chabwino. Kuyambira lero muzimwa asanu asanu. Mubwere pakatha milungu itatu tidzayezenso."

Impso imene ankakambayo inali yanga. Chaka ndi miyezi iwiri zapitazo, za achimwene zonse ziwiri zitasiya ntchito, madokotala anandichotsa yakumanzere n'kuisokerera m'mimba mwawo. Achimwene amagwira ntchito yokonza nthawi ya mabasi ku depoti, ndipo kwa iwo chilichonse choyenda kuchoka kwa munthu uyu kupita kwa uyo ndi katundu. Ndiye chitulukireni m'chipatala sananditchulenso dzina langa.

"Mwinikatundu, usakwinye nkhope," anatero tikutsika masitepe. "Katundu wako ali bwinobwino. Tinamumanga ndi zingwe zinayi."

"Zingwezo ndi zimene zikumasukazo, achimwene."

"Tawonjezera chachisanu lero. Sunamve?"

Ine ndimagwira ntchito mu labu ya chipatala chomwecho, kunsi kwenikweni, kumene mawindo amayang'anizana ndi matayala a magalimoto. Magazi a m'bale wanga sindiloledwa kuwayeza, koma palibe lamulo loletsa kuganiza. Ndipo nkhani yosamveka imandiyabwa ngati nsabwe ya mumsoko. Munthu akumwa mankhwala ochuluka kawiri, m'magazi akupezeka theka. Enawo akupita kuti?

Ndinapempha tchuthi cha masiku atatu, n'kusamukira pa sofa ya kwawo.

Ndinayamba ndi zophweka. Tsiku lothera mphamvu pa mapaketi linali lisanafike. Ndinawerenga makapisozi otsala, n'kuchotsera masiku, zinakwana ndendende. Ankasungidwa m'kabati ya kuchipinda, kutali ndi dzuwa. Ndinasuzumira kuseri kwa bedi, m'matumba a jekete, ngakhale mumphika wa maluwa, poti odwala ena amabisa mankhwala kunsi kwa lilime n'kukalavula poduka mphepo. Ndinapeza batani limodzi ndi chivindikiro cha cholembera.

Alamu ankanditsata chipinda ndi chipinda, manja ali m'chiuno.

"Ukachipeza chimene ukufunacho undiuze, ndikuthandize kunyamula."

"Ndikungoona, alamu."

"Ona, mwana wa ku yunivesite. Mu uvuni sunaonemo."

Ndinaonamo.

M'mawa uliwonse foni inkalira seveni koloko. Alamu ankaika makapisozi asanu m'dzanja la achimwene, kapu ya madzi m'dzanja linalo. Achimwene ankameza, n'kutulutsa lilime lonse kunja.

"Inspekita, mwaona?"

"Ndaona. Pitani."

Panalibe pogwira. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene sichinkagwirizana ndi zinazo, koma sichinali nambala, ndiye sindinachilembe. Tsiku lachiwiri ndinawaona achimwene pachitseko chosatseka bwino, atakhala m'mphepete mwa bedi, nsapato imodzi kuphazi ina m'manja, akungoyang'ana khoma. Ndinawerenga mphindi zinayi. Atandiona anayamba kuimba likhweru.

Tsiku lachitatu, iwo atapita kuntchito, ndinakhala pansi ndi kope la alamu. Ndinaliwerenga kuyambira koyamba, n'kuliwerenganso kuyambira kumapeto. Kachitatu ndi pamene ndinaona chimene chinali poyera. Tsamba lililonse linali lodzaza kumutu ndi kumapazi. Pakati, kuyambira 7:20 mpaka 5:40, panali kamzere kamodzi kokha: kuntchito. Ine ndinkafufuza m'nyumba munthu amene maola khumi a tsiku amakhala kwina.

Ndinavala nsapato.

Ofesi ya achimwene ndi kachipinda ka mamita atatu pakona ya depoti, kokhala ndi tebulo, benchi, ndi kazenera komwe madalaivala amasainira asananyamuke. Khoma lonse lakumbuyo ndi bolodi lakuda. Pamenepo pali nthawi ya basi iliyonse, yolembedwa ndi choko, manambala oongoka ngati osindikiza. Pa msewu umene mabasi awo amayenda pali mlatho wopapatiza, wodutsa galimoto imodzi. Zaka zisanu ndi zinayi achimwene ali pampando umenewo, mabasi awo awiri sanakumanepo pamlathopo. Nkhani imeneyi amaikamba pa ukwati uliwonse.

"Mwinikatundu! Wabwera kudzaona mmene anthu enieni amagwirira ntchito?"

"Ndangodutsa."

"Kudutsa kupita kuti? Kuseri uku kuli mpanda."

Ndinakhala pa benchi. Basi ya 12:20 inanyamuka 12:20. Ya 12:40 inafuna kuchedwa, achimwene anangotulutsa mutu pazenera, iyo n'kunyamuka. Anadya chakudya chimene alamu anawalongedzera, anandigawira. Ndinawerenga makapu a madzi. Ndinayamba kudziona ngati chitsiru.

Wani koloko itakwana anayang'ana wotchi. Kenako anayang'ana ine. Kenako diroo ya tebulo. Sanakhudze kanthu. Patapita mphindi zisanu phazi lawo linayamba kugwedezeka pansi pa tebulo.

"Basi yodutsa kwanu ikunyamuka 1:10. Ndikuuzire dalaivala akusungire mpando?"

"Sindikufulumira."

"Ulibe ntchito iwe?"

"Ndili pa tchuthi. Mwaiwala kuti ndikugona pa sofa yanu?"

Pazenera panatulukira nkhope ya dalaivala wamkulu thupi, cholembera chili kukhutu. Anasaina, n'kukoka mpweya m'mphuno kawiri.

"Abwana, lero kwagwanji? Wani koloko yadutsa, tiyi wa maluwa uja sakununkhira. Ifetu timatchera mawotchi athu ndi fungo limenelo."

"Nyamuka, wachedwa."

"Sindinachedwe, abwana, kwatsala mphindi…"

"Nyamuka!"

Nkhope ija inachoka. Ine ndinaimirira, n'kukoka diroo. Munali foni yawo, kapu, sipuni, ndi kabokosi kobiriwira kojambulidwa duwa lachikasu. Pamwamba panalembedwa kuti ndi tiyi wachilengedwe wokhazika mtima pansi. Pansi pa duwalo, m'zilembo zing'onozing'ono, panali dzina la chomeracho. Ndinalidziwa pomwepo. Linabwera pa mayeso a chaka chachiwiri, funso la malikisi khumi, ndipo ndinapeza onse khumi.

Ndinene zoona: chimene ndinamva choyamba si mantha. Ndinamva kukoma.

"Munayamba liti?"

"Miyezi itatu yapitayo."

"Nambala inagwa miyezi itatu yapitayo."

"Sizikugwirizana zimenezo. Khala pansi ndikuonetse." Anatenga choko, n'kujambula mzere pakona ya bolodi. "Papepala limene anandipatsa potuluka m'chipatala analemba kuti mankhwala a chilungulira ndizimwa patapita maola awiri kuchokera pa makapisozi, kuti asakumane m'mimba. Eti? Maola awiri. Ine ndinati ayi, tisaike moyo pachiswe. Makapisozi anyamuka seveni m'mawa. Ena anyamuka seveni madzulo. Pakati penipeni ndi wani koloko. Maola sikisi kutsogolo, maola sikisi kumbuyo. Ndiuze, akumana pati?"

Anaika choko pansi monyadira. Ndipo mzerewo unali wokongoladi.

"Achimwene, thupi si msewu."

"Chilichonse ndi msewu."

"Tamverani. Chiwindi chili ndi antchito ake, ife timati ma enzaimu. Ntchito yawo ndi kuphwanya mankhwala kuti atuluke m'thupi. Masamba awa akalowa, chiwindi chimalemba aganyu ambirimbiri owonjezera. Tiyiyo pofika madzulo wapita, inde. Koma aganyuwo saweruka. Makapisozi anu akamafika seveni koloko amapeza chigulu chikudikira ndi nyundo. Asanagwire ntchito, aphwanyidwa kale."

"Ngakhale tiyiyo atadutsa kalekale?"

"Ngakhale atadutsa dzana."

Anayang'ana mzere wawo nthawi yaitali. Kenako anaufufuta ndi chikhatho.

"Nanga bwanji munawanamiza adokotala?"

"Ndinaona kuti vutolo ndalikonza kale ndekha. Ndiwauzirenji?"

"Nanga mukumweranji?"

Panja basi inaliza hutala. Achimwene anakweza dzanja osayang'ana, basiyo n'kunyamuka.

"Mtima umalemera," anatero. "M'mawa kuti ndivale nsapato yachiwiri imakhala nkhondo. Ndikagona chagada ndimaimva impsoyo, ili apa, ngati munthu amene akundiyang'ana. Ukudziwa kuti munthu akakupatsa chinthu chotere sungadandaulenso? Aliyense akandiona, mwayi wanu bambo, mwayi wanu bambo. Ndiye ine ndinene kuti sindikusangalala? Ndiuze ndani? Mlamu wako, amene chaka chonse akuwerenga mikodzo yanga? Kapena iwe, wa chipsera m'nthitimu? Pa shopu ya patsidya apo anati uyu ndi wachilengedwe, alibe vuto. Ndipo amandithandizadi."

Apa munthu wanzeru akanakhala chete kaye. Ine ndinali nditanyamula kale kabokosi.

"Musiya lero."

"Ndisiya. Koma usawauze adokotala. Alemba mufayilo kuti ndine wabodza, ndipo fayilo siiwala. Mlamu wakonso usamuuze. Akadziwa kuti kope lake lili ndi bowo, afa."

"Lero lomwe?"

"Lero lomwe. Walonjeza?"

Ndinalonjeza. Ndinakataya kabokosiko m'bini ya kuseri kwa depoti, n'kuthirapo madzi a m'botolo langa kuti asakatolenso. Pobwerera sindinakwere basi, ndinayenda wapansi, mapazi akupepuka. Ndinkaganizira nkhope ya adokotala pa tsiku lokayezanso, nambala itakwera yokha, iwo akukanda mutu, ine ndili phee pakona ndikudziwa yankho.

Ndinabwerera ku labu, ku machubu anga. Tsiku lachisanu ndi chimodzi chitayireni tiyi, foni inalira ndili pa makina. Unali uthenga wa achimwene: Mutu ukuwawa. Tiyi wanga uja.

Ndinayankha: Thupi likuzolowera. Limbani mtima.

Tsiku lachisanu ndi chinayi: Manja akunjenjemera. Choko chagwa kawiri. Madalaivala akuti ndayamba mowa.

Ndinayankha ndi dzanja limodzi, linalo lili mu gulovu: Ndi kusowa tiyi kumeneko, zitha. Chachikulu musadumphitse makapisozi. Asanu asanu.

Uthenga umenewu ukadali mufoni yanga. Sindinaufufute dala.

Patapita masiku ena awiri, cha m'ma thu koloko masana, mnzanga wa pa kauntala anandikodola.

"Kuli mayi panja akukufuna. Akuti sachoka. Anyamula kope."

Alamu anali ataima pakhonde, pafupi ndi benchi ya odikira kutengedwa magazi. Sanandipatse moni. Anatsegula kope n'kuliika m'manja mwanga.

"Iwe ndi wa manambala. Werenga mzere uwu."

Unali mzere wa maulendo a kuchimbudzi, m'mawa ndi madzulo. Sikisi, sikisi, faifi, sikisi. Kenako folo. Kenako fili. Dzulo, thu.

"Madzi akumwa omwewo," anatero alamu. "Sikelo yakwera ndi makilo awiri. Masokosi akusiya mzere m'miyendo. Lero m'mawa batani la malaya ndawamangira ine, zala zikuvina. Ndati tiyeni kuchipatala, akuti tsiku lake ndi Lolemba, ndandanda ndi ndandanda. Tsopano tembenuza masamba ubwerere m'mbuyo. Ayi, bwererabe. Apo. Tsiku limenelo unachoka kunyumba kwanga usanadye, nsapato kuphazi. Iwo anabwera madzulo osaimba likhweru. Patangopita masiku ochepa, zonsezi n'kuyamba. Unapita kuti?"

"Alamu…"

"Ine sindinapite ku yunivesite, koma kuwerenga masiku ndimadziwa. Unawatani amuna anga?"

Ndinayang'ana manambalawo. Aganyu. Ndinafotokoza ndekha, ndi pakamwa pangapa, kuti tiyi akalowa chiwindi chimalemba aganyu. Sindinadzifunse kuti tiyi akasiya kubwera aganyuwo amatani. Amachotsedwa ntchito, mmodzimmodzi, pa sabata imodzi kapena ziwiri. Otsala ndi antchito akale aja, amene ankakwanitsa makapisozi awiri. Ndipo ife tinkawatumizira asanu m'mawa, asanu madzulo. Mankhwala oteteza impso akachuluka m'magazi, chimene amayamba kupweteka ndi impso yomweyo. Zimenezinso zinali pa mayeso aja. Linali gawo lachiwiri la funso.

"Nthawi ili bwanji?" ndinafunsa, wotchi ili pamkono panga.

"Yankha funso langa."

"Ndikuyankhani tikuyenda. Tiyeni."

Tinakwera masitepe awiriawiri. Adokotala anali ndi wodwala, nesi anaima pakhomo kutitchinga, ine ndinadutsa kunsi kwa mkono wake. Ndinanena zonse mpweya umodzi: tiyi, dzina la chomera, miyezi itatu, bini, masiku khumi ndi limodzi, manja. Alamu anazimvera pomwepo, ataima kumbuyo kwanga. Sindinatembenuke kuti ndione nkhope yawo.

Adokotala anavula magalasi.

"Akumwabe asanu asanu?"

"Ndinawauza ndine kuti asadumphitse."

"Kawatengeni. Pano, osati Lolemba. A madzulo ano asamwe mpaka titayeza."

Ndinaimba foni ya achimwene tili pa geti. Inalira mpaka kuduka. Ndinaimbanso. Masana foni yawo imakhala m'diroo, diroo yomwe ija. Takisi yoyamba inali ndi anthu. Yachiwiri inatitenga, n'kukaima pamzere wa magalimoto pa mphambano, kumbuyo kwa lole ya simenti. Dalaivala anatsegula wailesi. Ndinamupempha atseke. Ndinaimbanso foni. Alamu anali atakumbatira kope pachifuwa, akuyang'ana kunja.

"Wokhazika mtima pansi," anatero, osandiyang'ana. "Mtima wawo unali pati?"

"Akuuzani okha."

"Iwe anakuuza."

"Ndinawapanikiza."

"Ine ndimagona nawo bedi limodzi."

Lole inasuntha mamita awiri, n'kuimanso. Ndinatsegula chitseko.

"Alamu, kwatsala pang'ono. Tiyende."

Tinathamanga m'mphepete mwa msewu, kudutsa ogulitsa zingwe za foni, kudutsa shopu ija ya zachilengedwe yokhala ndi mabokosi obiriwira pazenera, mpaka pa geti ya depoti.

Achimwene anali ataima pa bolodi, atatipatsa msana. Ankafuna kulemba 3:15. Dzanja lamanja linagwira choko, lamanzere linagwira dzanja lamanjalo pamkono kuti likhazikike. Nambala 3 inatuluka ngati nyongolotsi yopondedwa. Pamwamba pake, manambala onse a tsikulo anali okhotakhota chimodzimodzi. Dalaivala wamkulu thupi uja anali pazenera, chipewa chili m'manja, osaseka.

Alamu analowa, n'kuwalanda choko.

Achimwene anayang'ana akazi awo, kenako ine.

"Wanena."

"Ndanena. Kwa adokotala, kwa alamu, ndi kwa wodwala wina amene sindikumudziwa. Tiyeni kuchipatala."

"Unati ndi kusowa tiyi."

"Ndinalakwitsa. Aganyu aja apita, achimwene. Makapisozi asanu akungounjikana. Akuotcha impso."

"Ndiye tiyi amaononga, kusiya tiyi kumaononganso?"

"Kusiya kunali bwino. Koma makapisozi anafunika atsike nawo limodzi, ndipo wotsitsa ndi amene tinamubisira uja."

Anakhala pampando. 

"Ya 3:15 ndi ya 3:40 zikanyamuka ndibwera. Zikasokonekera zimenezi zikakumana pamlatho."

"Zikumane," anatero alamu. "Zipatsane moni. Imani."

"Abwana, pitani," anatero dalaivala pazenera. "Ndandanda yanuyi tinailoweza kalekale. Timangobwera kudzasaina kuti musangalale."

Achimwene anawagoneka m'chipatala tsiku lomwelo. Nambala yosonyeza mmene impso ikusefera magazi inatuluka dzuwa lisanalowe, ndipo inali itaipa pafupifupi kawiri. Ya mankhwala inatuluka m'mawa mwake. Mnzanga amene anayeza sanandiuze pakamwa, anangotembenuza kompyuta kuti ndione. 19.

Adokotala anandipeza pakhonde la wodi.

"Tsiku limene munapeza tiyiyo, mukanangokwera masitepe awa n'kundiuza, ndikanawayeza masiku atatu alionse, n'kumatsitsa makapisozi pang'onopang'ono. Sakanagona pano. Kusukulu zimenezi simunaphunzire?"

"Tinaphunzira."

"Munakhoza?"

"Kwambiri."

"Chabwino," anatero, n'kulowa mu wodi.

Masiku otsatirawo sindinkakhazikika pampando. Ndinkayeza magazi a anthu ena, n'kukwera ku wodi, n'kutsika, n'kukweranso. 14. Kenako 11. Botolo la mikodzo la pansi pa bedi ndinkaliyang'ana ngati mmene ena amayang'anira mpira. Nesi wina anandifunsa ngati ndasamutsidwira kumeneko.

Tsiku lachisanu, nthawi yoona odwala masana, adokotala anabwera ndi pepala lawo lija. Pansi pa 7, 2, 3, 4 ndi 19 analemba 7.

"Makapisozi tabwerera pa awiri awiri. Impso yayambanso kusefa. Sinafike pomwe inali, ndipo mwina siidzafika ndendende. Tataya pang'ono. Koma ndi yokwanira kukhala nayo zaka zambiri, ngati nonse atatu musiya kundithandiza mobisa. Za mtima wolemerazo, bambo, mawa kubwera mnzanga amene ntchito yake ndi imeneyo. Alipo mankhwala amene sayambana ndi makapisozi anu. Kulinso kungolankhula."

Adokotala anachoka. Achimwene anakweza dzanja lawo n'kuliyang'ana. Linali litasiya kuvina.

"Mwinikatundu," anatero, "katundu wako wafika. Koma wapindika pakona."

"Ndinamupinda ndine."

"Tinathandizana. Ine ndinanyamula kutsogolo."

"Mukusekatu inu," anatero alamu. "Miyezi itatu mukumwa maluwa m'diroo, ine ndili pompa. Munkaona ngati nditani? Ndikomoka?"

"Unali utatopa kale, mayi."

"Ndinatopa, inde. Ndatopa mpaka pano. Ndiye mukanati, mkazi wanga, ine nsapato yachiwiri ikundikanika, ine n'kuti, inenso kopeli landikwana. Tikanakhala pabedipo tonse awiri, aliyense ndi nsapato yake m'manja."

Achimwene anatembenukira kwa ine.

"Za nsapatozo wamuuzanso?"

"Sanandiuze aliyense," anatero alamu. "Ndinkakuonani. Ndinkangosowa mzere wolembapo."

Anatsegula kope, n'kubwerera m'mbuyo masamba khumi ndi asanu ndi limodzi, mpaka pa tsiku lija ndinachoka kunyumba kwawo ndisanadye. Pakati pa tsamba panali kamzere kaja: kuntchito. Anandipatsa cholembera.

"Lemba."

"Ndilembe chiyani, alamu?"

"Zimene zinachitika. Wani koloko, tiyi watayidwa. Wotaya, dzina lako. Amene anauzidwa, palibe. Ndi dzanja lako, kuti tikadzaiwala tidzadziwe kuti anali ndani."

Ndinatsamiritsa kope pa bondo, n'kuyamba kulemba. Achimwene anasuzumira kuchokera pa pilo.

"Sinali wani koloko," anatero. "Inali 1:25."

Ndinafufuta, n'kukonza.